Choko chofiira pa mpeni wanu

Achimwene Dalitso, lero patha chaka chitisiyireni. Alamu andipatsa chikwama chanu cha esikirima, masewera a ku Philippines a ndodo ndi mipeni aja munkatiphunzitsa m'holo ya tchalitchi kuno ku Sheffield. Akuti azibambo ena a kutchalitchi amapempha ndodo zanuzo kuti akayangitsire nyemba kudimba. Anthu a madigiri awiriawiri, koma nzeru zawo zathera pa nyemba. M'chikwamamo ndapezamo mpeni wanu wophunzirira, wosathwa uja, choko chofiira chikadali m'mphepete mwake. Mukukumbukira tsiku lija ndinkachita makani kuti simunandikhudze nawo pa masewera? Munaupaka choko mpeniwo, tinabwereza, ndipo malaya anga oyera anangoti mizeremizere pamimba ponse. Ndinapsa mtima, n'kutenga jekete kuti ndizipita. Inu munaima pakhomo n'kunena kuti, "Mlongo, ku yunivesite unachokako mosavuta chifukwa pakhomo panalibe ine. Muno utuluka ukaphunzira kusuntha phazi limenelo pozinda mpeni." Ndinakulalatirani, koma jekete ndinavula.

Chikuikireni m'manda sindinapondemonso m'holo muja. Tsopano oyang'anira holoyo akuti Loweruka likubwerali pakapanda wotsegula kalasi yanu, nthawi yathu aipereka kwa a kwaya, ndiye kuti yatha basi. Aja amandinena kuti sindimaliza kanthu ayamba kale kumwetulira. Amwetulire. Makiyi ndakatenga, choko china ndagula, ndipo phazi lija masiku ano limasuntha. Loweruka, achimwene, woima pakhomo paja ndikhala ine.