Mpando Umene Riek Anaudula Miyendo

Riek anakwatiwa ndi kalipentala wa mumzinda wa Utrecht, dzina lake Wiebe, ndipo kuyambira tsiku limenelo msana wake sunapumepo.

Wiebe sankapanga mipando ngati ya anthu ena. Yake inali matabwa basi: thabwa lokhalira, thabwa lotsamira, timitengo takuda towongoka, kunsonga kwake kapenti kachikasu. Chosema ayi, nsalu ayi. Akuti ndiyo inali nzeru yatsopano masiku amenewo, chinthu chizioneka mmene achilumikizira.

"Bambo a Sjoerd, kakhushoni kokha?" Riek ankapempha mwamuna wakeyo.

"Ukafuna kugona, bedi ilo. Mpando ndi wa munthu amene ali maso."

Likafika tsiku lobadwa, abale ankakhala mozungulira chipinda monga mwa masiku onse, khofi m'manja, keke pambale. Koma kwa Riek anthu sankachedwa kubalalika. Mlamu wake ankadzuka atagwira m'chiuno.

"Mlamu, keke ndiye mumatha, koma mipando yanuyi ndi ya kupolisi."

Riek anali wamfupi. Akakhala, miyendo inkangolendewera mpaka kuchita dzanzi. Tsiku lina Wiebe atapita kokagula matabwa, iye anatenga sowo n'kudula miyendo ya mpando umodzi. Wiebe sanamuyankhule mpaka chisanu chinatha. Kenako m'mawa wina Riek anamupeza atagwada, akusalaza modula muja n'kupakamo chikasu chake chija. Nkhani inathera pomwepo, palibe anaitchulanso.

Wiebe anamwalira, mipando inatsala, yosagwedera n'komwe. Riek anakalamba mpaka masitepe a nyumba anamukanika. Kunyumba ya okalamba anamuuza kuti kachipinda kake kangalowe mpando umodzi wokha. Koma mwana wake Sjoerd anali atailonjeza kale mipando yonse kunyumba yosungira zinthu zakale.

"Akuifuna yonse pamodzi, amayi. Dzina la bambo likhala pakhoma. Inu ndikugulirani wofewa, wa batani lougonekera."

"Wa bataniwo ukhalepo ndiwe ndi mimba yakoyo. Ine ndikufuna wanga."

"Ndinalonjeza kale, amayi."

Kunabwera mayi wina wa kunyumba ya zakaleko, atavala magolovesi oyera ngati wodzasambitsa maliro. Mpando uliwonse kuutembenuza, kuusuzumira pansi, kuuyeza. Riek atatopa n'kuimirira anati akhale, Sjoerd n'kumugwira mkono.

"Musakhalepo, amayi!"

"Iwe! Ndinakuyamwitsira pomwepa, lero pasanduka paguwa?"

Mayi uja atafika pa mpando waufupi uja anayeza, n'kuyezanso, nkhope n'kugwa.

"Uwu wina anauwononga. Anaudula ndani?"

"Ine," anatero Riek. "Ndi sowo ya mwini wake yemwe."

"Pepani, uwu sitingautenge. Suli mmene anaupangira."

Sjoerd anagwira kumutu. Riek sanaseke, mphamvu zosekera analibe. Anangoukoka mpando wakewo n'kukhalapo, akuonerera inayo ikutuluka atayikuta mabulangete, chinthu chimene iye sanaloledwe kuikapo moyo wake wonse.

Pano ali kwa okalamba kuja, pawindo loyang'ana ngalande. Tsiku loyamba namwino anamuikira khushoni. Anakhalapo pang'ono, kutembenukira uku, kutembenukira uko, n'kuisolola kuiponya pabedi. Msana unazolowera thabwa kalekale.

"Mwamuna uja anandimaliza," amatero akatsamira, mapazi onse awiri ali pansi.