Thirakitala ya alamu anga ili m'kompyuta

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza alamu anga, a Muhowa, ku Masambanjati. Tinakwera kabaza, iwo atafungatira kompyuta yokulunga m'chitenje ngati mwana wodwala.

A Muhowa anayendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi mpaka msana unakana. Atapuma ntchito, masana anayamba kuwatalikira, ndipo iwo ankawafupikitsa ndi kachasu. Akazi awo, omwe ndi achemwali anga, anaona zakuda zaka ziwiri.

Chimene chinawabweza pakhomo si ine, si abusa. Ndi kompyuta yakale imene mwana wawo wamkazi anawapatsa. Munali gemu yoyendetsa thirakitala: kulima, kukoka ngolo, kubwerera chambuyo osagunda mpanda. Kuyambira pamenepo, bamboyo akadya nkhomaliro amakhala pa kompyuta mpaka dzuwa kupendeka. Kumowa anasiya.

Mwezi watha kompyutayo inayamba kuzima yokha. Anapita nayo kwa wokonza wina ku boma. Atafunsidwa kuti amaigwiritsa ntchito yanji, a Muhowa, amene ndi mkulu wa mpingo, anayankha kuti amalembera makalata a tchalitchi. Anawonjezera kuti akufuna Windows yatsopano, ngati ya amanijala. Wokonzayo anachita zimene anauzidwa. Anafufuta zonse n'kuika yatsopanoyo.

Kompyuta inabwerera kunyumba ili wefuwefu. Ukaiyatsa, madzi a tiyi ankawira iyo isanatseguke. Ataibwezeramo gemu kuchokera pa CD yake, thirakitala inkayenda modukizadukiza, kenako n'kuuma pakati pa munda.

Patatha sabata ziwiri achemwali anandiimbira foni. "Achimwene, alamu anu dzulo abwera akununkha."

Ulendo wa Lachiwiri unabadwa choncho.

Ku Masambanjati kuli Mayi Esinala, okonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu koyandikana ndi ogulitsa nthochi. Anatsegula bokosilo, natulutsa fumbi lodzadza dzanja. Anati kuzima kuja vuto linali fumbilo basi, makina ankatentha. Kenako anafunsa funso lomwe lija.

"Mumaigwiritsa ntchito yanji, bambo?"

"Makalata a mpingo," anatero a Muhowa, maso ali kudenga.

"Alamu," ndinatero ine, "mpingo wanuwo uli ndi ngolo zingati?"

"Inu munabwera kudzandiperekeza kapena kudzandiyalutsa?"

"Ndabwera kuti mlongo wanga apume."

A Muhowa anasisita bondo. Kenako analankhula motsitsa mawu, ngati munthu woulula tchimo. "Mayi, ine ndimasewera. Gemu ya thirakitala."

Mayi Esinala sanaseke. "Ndiye osanena bwanji? Pano pamabwera aphunzitsi a imvi kudzafuna ya mpira."

Anatiuza mwachidule. Kompyuta iliyonse imafuna pulogalamu yaikulu yoyendetsa zina zonse. Makina a alamuwa ndi ofooka, ndiye Windows yatsopano inkadya mphamvu yonse, gemu n'kumatola makombo. Anati ilipo ina yotchedwa Linux, yaulere, ndipo mitundu yake ina ndi yopepuka moti makina akale amathamanga nayo. Koma CD ya alamu inapangidwira Windows. Pa Linux itha kuvomera atalimbana nayo, ithanso kukana. Kapena abwezeretse Windows yakale, imene gemuyo inazolowera. Vuto lake, yakaleyo silandiranso chitetezo, choncho asamailumikize ku intaneti, asamalowetsemo fulashi ya aliyense.

"Intaneti ndikaitenga kuti ine?" anatero a Muhowa. Anaganiza pang'ono. "Ndiye kuti ndinamangirira ngolo ya tiyi wonyowa ku kathirakitala kotchetchera udzu."

"Mwamva kuposa ana a sukulu," anatero mayiwo.

A Muhowa anasankha yakale. Anthu odziwa zambiri mwina angatsutse, n'kunena kuti Linux ndiyo inali yanzeru. Kwa munthu wofuna intaneti, ndikuvomereza. Koma alamu anga amafuna chinthu chimodzi, ndipo chinthucho chinayenda. Ndinaona ndi maso anga thirakitala ikubwerera chambuyo bwinobwino, nkhope ya bamboyo ikumasuka.

Wokonza woyamba uja sindimuimba mlandu. Anapatsidwa bodza, nakonza bodzalo. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga akatsekula n'kunena kuti akumva mutu?

Alamunso sindiwaimba mlandu kwenikweni. Ife okulira m'maesiteti tinaphunzira tili ana kuti chabwino ndi chimene chili m'nyumba ya abwana. Sitifunsa ngati chikutikwana. Amanijala makina awo ndi atsopano, amasenza chilichonse. Athuwa ndi otsala, ndipo otsala ali ndi katundu wawo. Kupempha chakale timakuona ngati kuvomera umphawi pagulu, ndiye timalolera kunyamula chinthu chosagwira ntchito, bola chikhale chatsopano.

Koma chachikulu ndi manyazi aja. Bambo atha kukhala pa bawo tsiku lonse, palibe womunena. Akangogwira gemu ya pa kompyuta, ndiye kuti wabwerera ku umwana. Ndani anagamula zimenezi? Bambo amene wagwira chiwongolero moyo wake wonse, lero manja ake akusowa chogwira, tikufuna azitani masana onse? Tili ndi opuma ntchito ambiri m'midzi ya ku Changata ndi ku Khonjeni, ndipo tikudziwa kumene ambiri amathera.

Pobwerera, a Muhowa anandigwira mkono. "Za lerozi zisakafike ku mpingo." Nditawapempha kuti ndilembe nkhaniyi, anavomera pokhapokha ndisinthe dzina. Ndasintha.

Lachisanu achemwali anaimbanso. Akuti bamboyo sanatuluke pakhomo masiku atatu, ndipo akudandaula kuti nkhomaliro ikuchedwetsa ntchito ya kumunda.

Komabe pempho la alamu lija likundivutitsa. Zaka ziwiri bamboyu ankadzandira pamsewu dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona, ndipo sanapemphepo munthu kuti amusungire chinsinsi. Lero wapeza chomusunga pakhomo, ndiye akunong'ona. Kodi manyazi athu tinawaika pamalo pake?