Tsiku limene a Kamtunda anakwera phiri

Kudepoti ankawatchula kuti a Kamtunda, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka akazi awo omwe analizolowera. Linachokera pa chiwongolero. Basi ikamabuula pa chikweza, anthu atagwiritsa mipando, iwo ankatsitsa giya n'kunena mokweza kuti, "Musaope, aka ndi kamtunda chabe." Anayendetsa basi ya ulendo wautali zaka makumi awiri ndi zisanu osagwetserapo munthu m'ngalande, kufikira maso atayamba kuchita nkhungu, kampani n'kuwapumitsa.

Msewu wawo unkadutsa m'tsinde mwa phiri lalikulu, ndipo pakatawuni ka pamenepo basi inkaima mphindi makumi anayi. A Kamtunda ankadziwa benchi ya madalaivala, mpopi wosambira m'manja, ndi mayi wogulitsa tiyi amene ankawasungira kapu yawoyawo. Phirilo ankangolionera pa galasi. Koma alendo otsika kumeneko akakwera basi, nsapato zili matope okhaokha, ankakamba za mathithi, za mphepo yoluma makutu, za mitambo yodutsa kunsi kwa mapazi. A Kamtunda ankatola zonsezo n'kukafika nazo kunyumba, komwe mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, ankawadikira pakhomo. Poyamba nkhani ankaiyamba ndi mawu akuti, "Anthu akuti." Sakumbuka tsiku limene mawuwo anagwera m'njira. Anangozindikira akunena kuti, "Ine nditafika pamwamba," mwana ali kukamwa yasa.

Mwanayo anakula, anakhala namwino, anakwatiwa kutali. Tsiku lina m'mawa anaimba foni.

"Ababa, atisamutsa kuntchito. Tidutsa msewu wanu uja. Tifika pakatawuni kaja Lachisanu madzulo, koma basi yopitirira ndi ya Loweruka faifi koloko. Tili ndi tsiku lathunthu. Mubwere mudzatikweze phiri. Apongozi anuwa ndawatopetsa nazo nkhani zanu, akadzionere okha."

"Palibe vuto," pakamwa pa a Kamtunda panayankha pokha.

Akazi awo, amene ankasita malaya chapafupi, anaimika simbi. "Bambo, phiri lake liti? Inu amene masitepe a kuchipatala mumapumira pakati?"

"Mayi, musandiyambe."

"Muimbireni mwana mumuuze. Bodza lanuli lakula, lafika pa msinkhu wokwatira."

Sanamuimbire. Foni anaigwira kangapo, nambala n'kuipeza, koma chala chinkakana. Lachinayi anakwera basi kuti akafike tsiku limodzi patsogolo. Anakhala mpando wa wokwera wamba, phazi likupondaponda buleki yomwe panalibe.

Mayi wa tiyi uja anali adakalipo, tsitsi litayera. Atapatsana moni, a Kamtunda anatsitsa mawu n'kufunsa kumene njira yokwerera phiri imayambira.

"Ine ndi phiri wapi ndi wapi? Ndimangoliona ngati inu nomwe," anatero mayiyo, n'kuwalozera kaofesi ka operekeza alendo kuseri kwa malo omwetsera mafuta.

Kanali kachipinda kamodzi: tebulo, mapu ofwifwa ndi dzuwa pakhoma, ndodo zoyendera zitaimikidwa mu ndowa pakona. Anapezamo bambo wowonda, wa imvi, wowaposa ndi zaka. Bamboyo anayendetsa chala pamapu n'kuwafotokozera kuti pamwamba penipeni ndi ulendo wa masiku awiri. Wa tsiku limodzi amathera pa mathithi, maola atatu kukwera, awiri kutsika, ndipo kuti basi ya faifi isawasiye anyamuke sikisi koloko. Atenge madzi, majekete, ndi nsapato zogwira pansi. Ponena za nsapatozo anayang'ana za a Kamtunda, zakuda, zopolishidwa mpaka kuwala.

Koma a Kamtunda ankamuuza mwana wawo kuti iwo ankakwera mpaka pamwamba n'kutsika dzuwa lisanafike paliwombo.

"Achimwene, ndili ndi pempho," anatero akuyang'ana m'ndowa ya ndodo ija. "Loweruka muziyenda kumbuyo ngati wonyamula chikwama. Ine ndikhale patsogolo. Ndikaphonya njira, muzitsokomola."

Woperekezayo anawayang'ana nthawi yaitali. "Zaka makumi atatu ndili m'phirimu, ntchito yotsokomola sanandilembepo. Koma chabwino."

Loweruka ananyamuka kukuzizira. Mwana wawo anali ndi chimwemwe ngati wabwerera ku ubwana, ndipo mwamuna wake, mphunzitsi wofatsa, ankayenda pambali atavula chipewa. Pamphambano yoyamba a Kamtunda analowera kumanja, kumbuyo kunamveka chifuwa, n'kubwerera kumanzere ngati amangoyang'ana mtengo. Pachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi. Kachitatu namwino uja anatembenuka.

"Bambo, chifuwachi chinayamba liti? Chimabwera ndi makhololo?"

"Ndi fumbi chabe, mayi," anayankha woperekezayo, maso ali pansi.

Makutu a a Kamtunda anatentha. Munthu wamkulu, wodziwa ntchito yake, akunama pamaso pa ana chifukwa cha iwo.

Atayenda pang'ono mpongozi anafunsa mwaulemu, "Bambo, nanga mwala uja munabisalapo mvula ya matalala uli pati?"

A Kamtunda analoza mwala woyamba umene maso awo anagwerapo. Mwana wawo anathamangirako, anausisita, n'kuwaimika pamenepo kuti awajambule. Anawauza kuti amwetulire, iwo n'kumwetulira.

Patatha ola ndi theka njira inaima chilili. Nsapato zija zinayamba kuterereka, mpweya kuperewera. A Kamtunda anakhala pa chipika chogwa. Mwana wawo anagwada, n'kuwagwira pamkono akuyang'ana wotchi.

"Ababa, mtima ukuthamanga kwambiri. Kodi kale munkakwera bwanji?"

Akanatha kunena kuti ndi ukalamba, ndipo mawuwo anali kale pa lilime. Koma zala za mwanayo zinali pa mtsempha wawo.

"Sindinakwerepo, mwanangu. Lero n'koyamba. Zonse zija ndinkangomva kwa anthu m'basi. Ndipo awa si onyamula chikwama ayi. Ndi amene akudziwa njira."

Mpongozi anawerama, anamasula chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga bwinobwino, n'kuyamba kuchimanganso. Mwana uja anawasiya mkono pang'onopang'ono.

"Tili kukoleji anzanga anabwera kuno," anatero osakweza mawu. "Ine ndinakana kupita nawo. Ndinawauza kuti phiri ili ndidzakwera ndi bambo anga."

A Kamtunda analakalaka akanawakalipira. Anayang'ana nyerere zikudutsa pa nsapato yawo.

Amene anawapulumutsa anali woperekeza uja. Ananena kuti nthawi ikupita, ndipo kutsogolo pang'ono kuli kachisakasa ka malata komwe bambo angapume. Anawafikitsa pamenepo, anawasiyira botolo la madzi ndi jekete lake, atatuwo n'kupitirira. Tsopano wa imviyo ndiye anali patsogolo, akuyenda ngati ali pabwalo la nyumba yake.

A Kamtunda anakhala okha maola atatu. Kuchokera pamenepo msewu wawo unkaoneka wonse, wopyapyala ngati ulusi. Anaona basi ikukwawa pa chikweza chomwe ankachidziwa ngati chikhatho chawo, ndipo utsi utachita bii anadziwa kuti dalaivalayo wachedwa kusintha giya. Anatembenuka kuti anene, koma panalibe womuuza.

Atatu aja anabwerako zovala zitanyowa. Mpongozi anakhala pambali pawo n'kunena motsitsa, "Mathithi alikodi, bambo. Si zonse za m'nkhani zanu zimene munaphonya." Potsika mwana wawo anawagwira chigongono pamalo poterera, ndipo mawu ake anali akuti "pondani apa" ndi "dikirani" basi.

Padepoti a Kamtunda analimbikira kunyamula sutikesi mpaka pakhomo la basi. Mwanayo asanakwere anawakonza kolala ya malaya.

"Lolemba mukayezetse kuthamanga kwa magazi. Zotsatira ndidzafunsa amayi, osati inu."

A Kamtunda anafika kunyumba tsiku lotsatira akutsimphina. Akazi awo anateleka madzi, anawathira m'beseni, n'kuwaikira pamapazi. "Mwana waimba kale," anangotero.

Kwa miyezi iwiri namwinoyo ankaimba pa foni ya amayi ake, moni wa abambo n'kumadzera mwa iwo. A Kamtunda ankangoulandira moniwo, ndipo anzawo akale akawaitana kukacheza ankati mawondo akuvuta. Mwezi wachitatu foni yawo inalira masana, ali pakhonde.

"Ababa, tagula kagalimoto kakale. Kakumalira mwachilendo tikamakwera mtunda. Amakaniko awiri atiuza zosiyana. Chingakhale chiyani?"

A Kamtunda anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

"Sindinganene ndisanamve," anatero. "Auze apongozi alize injini, iwe uike foniyo pafupi."

Anatseka khutu linalo ndi chala, n'kuwauza akazi awo kuti atsitse wailesi.