Theka la Chulu

Kuseri kwa nyumba ya amayi ku Makhanga kunali chulu chachikulu, chotalika kuposa denga. Nditabwerako kodula nzimbe, ndinachiyang'ana n'kuona njerwa zokhazokha. Dothi la pachulu limaumba njerwa zolimba, ndipo ine ndinali nditatopa n'kugona m'nyumba yaudzu.

Amayi anakana. "Kuno kuchigwa chulu sagumula, mwanawe. Mulungu anatuma chiswe kuti chitimangire pothawira."

Ndinaseka. Ndinawauza kuti Mulungu sangasowe antchito mpaka kulemba chiswe ganyu. Pakamwa ndinali napo masiku amenewo. Ndinakumba mbali imodzi, ndinaumba, ndinaotcha, nyumba inaima ndi malata ake.

Dzinja lachiwiri madzi anabwera m'mawa tikumwa phala. Tisanatole n'komwe zofunda anali atafika m'mawondo. Tinathamangira kuchulu, ine, mkazi wanga, ana athu atatu, amayi, ndi banja loyandikana nafe. Nyumba yanga yonyaditsa ija tinaionerera ikugwa khoma limodzilimodzi.

Pamwamba malo anachepa. Amunafe tinaima m'madzi, ine mwana wamng'ono ali paphewa, koma sizinakwanebe. Amayi anatsikira mbali imene ndinakumba ija kuti adzukulu akhale pouma. Tinawachonderera, anakana. Anaima tsiku lonse madzi ali m'chiuno, atagwira muzu, akuimba nyimbo zakutchalitchi mano akugundana. Chulu chikanakhala chathunthu, tonse tikanakwana. Ndinkadziwa, iwonso ankadziwa.

Bwato la asodzi linatipeza dzuwa litapendeka. Palibe amene anapita ndi madzi. Koma chifuwa chimene amayi anatenga tsiku limenelo sichinawasiye, ndipo tinawaika m'manda mvula isanathe.

Akanandikalipira, mwina mtima wanga ukanapepuka. Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi pemphero lawo la m'bwato muja. Anandigwira dzanja, n'kutseka maso, n'kuthokoza Mulungu m'chilankhulo chakwathu.

"Takhuta, Mbuya. Mwatisunga. Takhuta kuti mwana wangayu munamugwira mkono, anatisiyirako theka."

Onse anati ameni. Koma ine ndinkadziwa kuti palibe amene anandigwira mkono. Ndinasiya kukumba chifukwa njerwa zinali zitakwana, ndipo theka lotsalalo ndinali nditalikonzera khitchini, mvula ikadzatha. Amayi anapita osadziwa zimenezo, poti ndinalibe mtima wowauza.