Benchi ya Alamu Anga a Osward

Kuno kwathu, kufupi ndi Mkaika, tinkati tikaona benchi itamangidwa kumbuyo kwa njinga Lamulungu m'mawa, sitinkafunsa kuti ndi ya ndani. Tinkangodziwa kuti a Osward Mbewe atulukanso mpingo.

A Osward ndi alamu anga. Anakwatira mlongo wanga Kettie, n'kubwera kudzakhala chikamwini pamudzi pathu kuchokera kwawo ku Vubwi. Ine Goodson ndi amene ndinawalozera pomanga nyumba, ndiye ndikamawanena musati ndi miseche, munthuyu ndimamudziwa. Ulesi alibe. Amalima chimanga, nsawa ndi thonje, ndipo ntchito ya kumunda ikachepa amapala matabwa. Chimene anamanidwa ndi mtima wokhazikika. Ngakhale akhale pansi kuti adye, mwendo wawo wakumanja umangogwedezeka ngati pali wina akuwadikira panja.

Benchiyo anaipala chaka chimene tinafolera tchalitchi chathu cha pamudzi. Mipando inalibe, ndiye akulu a mpingo anati bambo aliyense abwere ndi chokhalira. Ena tinabwera ndi njerwa, ena zitsa. Alamu anabwera ndi benchi ya mlombwa, yosalala bwino, moti ana ankaisisita podutsa. Tinawaombera m'manja, iwo n'kutidula pakamwa kuti sakupereka, akungobwereketsa. Tinaseka, poyesa kuti ndi nthabwala za mkamwini.

Patapita zaka pang'ono, a Mathews, mkulu wa mpingo wathu, analalikira kuti Malemba amayerekeza mpingo ndi gulu la nkhosa. Titatuluka, alamu anawaimitsa pansi pa mtengo wa mango.

"Akulu, inu munawetapo nkhosa?" anafunsa a Osward. "Ine ndinaweta ku Vubwi. Palibe chiweto chopusa ngati chimenecho. Imodzi ikagwera m'dzenje, zinzake zimatsatira. Ndipo woweta amaweta kuti adzadye."

"Tanthauzo si limenelo, bambo Mbewe," anayankha a Mathews mofatsa. "Akunena kuti tili ndi wotisamalira. Imodzi ikasochera, amapita kukaifuna."

"Chabwino. Tione ngati mudzandifuna."

Analowa m'tchalitchi, n'kutuluka atasenza benchi yawo. Anthu amene ankakhalapo anabwerera ku njerwa. Ndipo kunena zoona, akulu anapitadi kukawafuna, osati kamodzi. Alamu ankawalandira ndi thobwa, n'kuwatsutsa mpaka akuluwo kutopa.

Kettie anawatsatira, chifukwa alamu ankati banja silipemphera mosiyana. Mlongo wangayo anali wa chigwirizano cha amayi. Bulauzi yake yoyera anaichapa, kuisita, n'kuipinda pansi pa sutikesi. Tsiku limenelo ndinali pakhonde pawo, ndipo ndinamva ndi makutu angawa akuuza mwamuna wake kuti, "Bambo a Lydia, ine kukutsatani sindikana. Koma ndikadzafa adzandiyimbira ndani?"

Funso limenelo silinali lachibwana. Kuno mpingo umayimba maliro a munthu wake yekha, amene dzina lake lilipo. Ukatuluka, anthu amabwera ndithu kudzalira, koma nyimbo sipakhala. Kettie anaonapo maliro otero tili ana, a malume athu ena, ndipo ankati phokoso la mapazi okhaokha panjira ya kumanda silinachoke m'makutu mwake. Imfa sankaiopa kwenikweni. Ankaopa kunyamulidwa mwakachetechete.

Alamu anaseka. "Amake Lydia, inu mukufa liti? Mudzandiika ndinu."

Benchi inapita kumpingo wina cha ku Sinda, m'mbali mwa msewu waukulu. Kumeneko ankamanga, ndipo ulaliki wawo unali wakuti mpingo ndi nyumba, Akhristu ndiwo miyala yamoyo. Alamu anazikonda zimenezi. Anaumba njerwa, anakhoma denga, anabwera kudzandiuza kuti tsopano apeza anthu oganiza. Koma nyumba itatha, mlaliki anawonjezera kuti mwala ukaikidwa pakhoma susunthanso, umanyamula unzake mpaka mapeto. Akuti alamu anatuluka thukuta pa benchi pomwepo. Madzulo anandipeza ndikumangirira ng'ombe.

"Alamu, mwamva? Akufuna andimate ndi simenti."

Pambuyo pake unali mpingo wa m'tauni ku Katete, kumene ankapemphera m'kalasi ya sukulu ndi zoimbira zamagetsi. Kumeneko kunali mipando ya pulasitiki yokwanira aliyense, komabe benchi inkapita, Kettie akuyenda pambuyo pa njinga ndi chitenje chake chokhalira. Abusa ake, a Dennis, anali mnyamata wa tayi wolankhula chitauni. "Tchetchi ni mkwatibwi wa Ambuye, a Mbewe," anatero tsiku lina. "Tifunika kunkhala okonzeka, osati ma ekisikyuzi." Alamu anagwira ndevu zawo n'kufunsa ngati munthu wa ndevu zoterezi angakhale mkwatibwi wa wina. Mpingo wonse unaseka, abusa nawonso anaseka n'kufotokoza kuti nkhani ndi ya kukondedwa ndi kukhulupirika. Mawu akuti kukhulupirika ndi amene anawalemera alamu. Mvula isanagwe, benchi inali itabwerera pakhonde.

Chaka china alamu anatenga banja kukalima kwawo ku Vubwi, benchi ili pamwamba pa lole pamodzi ndi matumba a mbewu. Anabwerako akudandaula kuti uko amalalikira za mpesa ndi nthambi zake, pamene iwo mpesa sanauonepo. Anati akanati dzungu bwenzi atamva, chifukwa dzungu limayanga kupita kumene lafuna. Ndinawakumbutsa kuti dzungulo tsinde lake limakhala pa phando limodzi. Anati ine vuto langa ndi lakuti sindinayende.

Ine nkhani zimenezi zinkandiseketsa, ndipo ndinkazifotokoza pa bawo anthu n'kumagwa nazo. Kettie sankaseka. Tsiku lina tikusenda nsawa pakhomo pawo, iye ananena kuti Malemba amatinso mpingo ndi thupi, aliyense ndi chiwalo.

"Nanga ine ndine chiwalo chiti?" anafunsa alamu, maso atawala, poona kuti mtsutso wabwera wokha pakhomo.

"Mwendo, alamu," ndinatero. "Mwendo woyabwa."

Kettie anapitiriza kusenda. "Mwendo umayenda ndi thupi, bambo a Lydia. Sindinaonepo mwendo ukupita wokha ku Sinda."

Iyeyo sanafunsepo kuti ndi chiwalo chiti. Pamudzi pakagwa maliro, kaya a mpingo uti, Kettie ndiye ankayamba kufika ndi ndowa ya madzi pamutu. Ankasonkha moto, kutsuka mbale, kukhala ndi ofedwa mpaka anthu atabalalika. Amayi a chigwirizano akayamba kuyimba atavala zoyera zawo, iye ankakhala kumbuyo ndi chitenje wamba, milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Ndinkamuona, ndipo zinkandipweteka.

Chaka chatha, mvula itangoyamba, Kettie anadwala. Tinapita naye kuchipatala, anagonako, anatibweza ndi mankhwala, koma thupi linkangotha. Nthawi imeneyo n'kuti banjalo lilibe mpingo uliwonse. Benchi inali pakhonde, nkhuku zikugonapo. Kettie anapempha mwamuna wake kuti abwerere kumpingo wathu wa pamudzi. Wobwerera amayenera kulowa kalasi miyezi ingapo asanalandiridwenso, ndipo alamu sanakane. Anangoti ayambe athana ndi thonje, akatola ayamba kalasi onse awiri. Ine ndinawauza kuti odwala sadikira thonje. Anati ndisawaphunzitse kusamala mkazi wawo.

Kettie anamwalira thonje lili maluwa.

Alamu anakwera njinga kupita kwa a Mathews, amene tsopano ndi okalamba. Ine ndinawatsatira. A Mathews anatilandira misozi ili m'maso. "Mayi uja ndinamubatizitsa ndine," anatero. "Tibwera tonse ngati anansi. Koma mwambo wa mpingo sitingachite, bambo Mbewe. Dzina lake linachoka kalekale, ndipo lamuloli si langa ndekha." Alamu anaimba foni ku Sinda, anawauza zomwezo. Anaimba ku Katete, anapeza kuti abusa a Dennis anasamukira ku Lusaka, ndipo amene alipo sanamvepo za banja la Mbewe. Pobwerera, alamu ankakankha njinga osakwera. Ine ndinawauza mawu amodzi okha, kuti funso la mlongo wanga lija layankhidwa. Ndinali nditakwiya kwambiri.

Anthu anabwera ambiri, koma siwa yonse inadutsa ndi kulira kokhakokha. Kutacha, mtsinje wa pakati pa mudzi ndi manda unali utadzaza, moti ngolo sikanawoloka. Adzukulu, amene amakumba manda ndi kunyamula maliro, anayamba kufuna nsungwi zoti amange chonyamulira. Apo ndi pamene alamu anapita pakhonde, kupukuta benchi ndi malaya awo, n'kuiika patsogolo pa a Robson, mkulu wa adzukulu.

"Bambo, mukudziwa mwambo wa pano?" anafunsa a Robson. "Chonyamulira maliro sichibwerera kumudzi. Chimatsala komweko."

"Ndikudziwa," anayankha alamu.

Adzukulu anaitembenuza miyendo m'mwamba, kumangirira mitengo iwiri m'mbali, bokosi n'kulowa bwinobwino pakati pa miyendoyo. Ndinaganiza kuti zaka zonsezi Kettie anayenda pambuyo pa benchi imeneyi, koma m'tchalitchi inkakhala kumbali ya abambo, iye ali pansi kumbali ya amayi. Kunali koyamba kuti imunyamule.

Tinanyamuka. Panalibe china chomveka koma mapazi m'matope, ndendende zimene ankaopa zija. Ndinkayenda mutu uli pansi chifukwa cha manyazi ndi chisoni. Titawoloka mtsinje, ndinamva mawu osasa kutsogolo. Anali alamu, akuyimba nyimbo ya kumpingo wathu imene Kettie ankaikonda. Anayimba ndime yoyamba okha. Atafika pa yachiwiri anakakamira, chifukwa sanakhalitse mokwanira kuti aidziwe. Anayesa ina ya ku Sinda, anangodziwa kolasi. Anayamba ya ku Katete, inathera m'malere. Munthu wa mipingo inayi analibe nyimbo imodzi yathunthu yoperekezera mkazi wake. Anaima pakati pa njira n'kulira ngati mwana.

Mayi Gertrude, wapampando wa chigwirizano, anali kumbuyo kwanga atavala chitenje wamba. Anatsokomola pang'ono, n'kuitola nyimbo yoyamba ija pomwe alamu anaigwetsera. Amayi anzake anayang'anana, kenako anailandira. Ena a ku Sinda amene anabwera ngati anansi analowamo, a mipingo ina amene Kettie anawatungira madzi pa maliro awo nawonso analowamo. A Mathews anayenda pang'ono akuyang'ana pansi, kenako ndinamva besi yawo.

Sindinama kuti zonse zinakonzeka. Panalibe ulaliki, panalibe zovala zoyera, ndipo bulauzi ija tinangoiika m'bokosi ili yopinda. Mlongo wanga anayimbiridwa kuchokera pamtsinje kukafika kumanda, basi. Atatha kukwirira, a Robson anatenga nkhwangwa, kuiwaza benchi ija, n'kuika zidutswa zake pamtumbira. Alamu anayang'ana osaphethira.

Patapita milungu, ife akuchikazi tinakhala pansi n'kuwamasula a Osward monga mwa mwambo, kuti ngati afuna abwerere kwawo ku Vubwi. Aliyense ankadziwa kuti apita. Munthu amene sankatha kukhala ali ndi chifukwa, akanakhaliranji chifukwacho chitaikidwa m'manda? Ine sindinkawalankhula, ndipo ndinkafuna apite ndithu.

Lamulungu lotsatira, nyimbo yoyamba itatha, chitseko cha tchalitchi chathu chinalira. Anali iwo, manja ali lende, opanda chonyamula. Masiku ano tili ndi mabenchi a mpingo, koma tsikulo mbali ya abambo inali yodzaza. Anaima pakhomo akuyang'ana uku ndi uku, chipewa akuchipotokola m'manja. Palibe anatembenuka msanga. Ine mtima unali ukadali wowawa, ndipo mpaka lero sunapole. Koma ndinakankha mnzanga ndi chigongono, tonse n'kusunthira kukhoma.

Anakhala m'mphepete, theka la thupi lili m'malere. A Mathews atalengeza kuti ofuna kulowa kalasi atsale, alamu anakweza dzanja pamodzi ndi ana a sukulu. Ngati adzaimaliza kalasiyo, ine sindikudziwa, musandifunse. Mwendo uja unagwedezeka kuyambira pa ulaliki mpaka pemphero lomaliza, ndipo benchi yonse inkagwedezeka nafe. Palibe amene anasamuka.