Paison ndi Chitsulo Chomatira Mtovu

Paison anabadwira kwa Tengani, koma sankatha kukhala malo amodzi. Analima thonje chaka chimodzi n'kulisiya. Anagulitsako nsomba zouma. Kenaka analowa ntchito yosonkhezera moto m'sitima yapamadzi yochokera ku Chinde. Mmenemo munali makaniko wina, Damiano, amene ankamata mapaipi ndi mawaya ndi mtovu wosungunula. Paison ankaiwala nkhuni n'kumangomuyang'ana, mpaka eni sitimayo anamuchotsa ntchito.

Anabwerera kwawo ndi belu lamagetsi lowonongeka, limene a m'sitimamo anali atalitaya, ndi mabatire awiri. Anapeza mvuu zikumaliza chimanga kudimba kwa mkazi wake, Evelesi.

"Belu ili likalira, mvuu sidzapondanso muno," anatero. "Ndingopeza chomatira mawaya."

M'sitolo ya Mmwenye ku Chiromo munali zitsulo zomatira ziwiri. China chinali chachikulu, chodula, chokhala ndi nyali yake yopopa ya palafini. China chinali chaching'ono, cha mutu wa mkuwa, chotenthetsa pamakala. Paison anapitako katatu. Ankanyamula ichi, n'kuchisiya, n'kunyamula icho.

"Mugula, kapena mwabwera kudzandipukutira fumbi?" anafunsa Mmwenyeyo.

Kunyumba sankakhala pansi. Ankangozungulira bwalo akuyankhula za nyali ija, mpaka Evelesi anatopa naye.

"Bambo a Jesinta, palafini muzimutenga kuti kuno kudambo? Makala si awo ali pakhomo?"

Ulendo wachinayi anagwedeza mutu wa chaching'onocho kuti aone ngati uli wolimba, ndipo anagula chomwecho.

Poyamba zinakanika. Mtovu unkangogubuduka pawaya n'kugwera pansi, ndipo zala zake zinadzaza matuza. Atakumbukira kuti Damiano ankayamba wapala waya n'kupakapo utomoni, anachita chimodzimodzi, mtovu n'kugwira. Sabata yachitatu belu linalira, nkhuku zonse n'kubalalika.

Analimangirira panjira ya mvuu, n'kupingasa chingwe choti mvuu ikachigunda belu lilire. Mbandakucha linaliradi. Anthu atathamangirako anapeza mvuu ikudya chimanga mosatekeseka, belulo italipondereza m'matope. Evelesi anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anayang'ana dimba lija n'kuyamba kulira.

Koma mbiri inali itamveka kuti Paison amamata zitsulo. Amayi anayamba kubwera ndi ndowa zodontha, asodzi a kwa Nyachikadza ndi nyali zawo. Anagwira ntchitoyo zaka ziwiri, ndipo ankaichita bwino, ngakhale ankadandaula kuti ndowa zonse n'zofanana. Evelesi ankamupemerera makala, akuona mmene amachitira.

Atamva kuti njanji ya ku Beira yatsegulidwa ndipo akufuna anthu olumikiza mawaya a telegalafu, analawira tsiku lomwelo.

"Ndowa za eni akezi nanga?" anafunsa Evelesi.

"Muziwauza kuti ndibwera ndi mvula."

Mvula inabwera, iye osaoneka. Eni ndowa atayamba kuvuta, Evelesi anakoleza makala, anapala ndowa yoyamba, n'kuimata yekha. Inadontha. Yachiwiri sinadonthe. Paison anabwerera patapita zaka zitatu, atawonda, akukamba za makina opopera madzi, ndipo anapeza anthu akumufunsa ngati ndiye mwamuna wa mayi omata ndowa aja.