Chala cha Azakhali pa Chithunzi cha Atate

Loweruka ndinanyamuka kwathu ku Buchi, komboni ya ku Kitwe, hafu sikisi m'mawa, nditakumbatira chithunzi chokulunga m'chitenje cha amayi. Atate amajambula ndi penti malo amene apitako, ndipo chaka chatha anafika kwathu ku Katete, kumene anachoka ali ndi zaka zinayi. Anapeza phiri, chulu ndi mtengo wa maula, koma nyumba ya agogo inagwa kalekale, anthu n'kulimapo chimanga. Choncho pakati pa chithunzicho anasiyapo poyera. Amene akukumbukira pomwe nyumbayo inali ndi mlongo wawo yekha, azakhali a Esitere a ku Twapia ku Ndola. Pafoni zinakanika. Azakhali amati "kumanzere," atate n'kumafunsa kuti "kumanzere kwa chiyani?" mpaka mayunitsi kutha.

Chionetsero chawo cha mu holo ya tchalitchi chinali chitatsala sabata imodzi, ndipo anali ndi zithunzi zina zosamaliza. Pondikweza minibasi pamsika anati, "Tiyamike, azakhali ako akaloze chabe, iwe ukalembe m'kabuku kako kaja. Koma munthu asachigwire ndi dzanja. Wamva?"

Kufika m'tauni ya Kitwe ndinalipira teni kwacha. Basi ya ku Ndola inali yaikulu, ya mipando sikisite. Kondakitala, bambo wa kapu yofiira, anayang'ana katundu wanga n'kunena m'Chibemba kuti, "Mwaice, mwana iwe, wailesi yakanema iyi ilipira mpando wake."

Ine kusukulu sindikweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa. Koma apa mawu anatuluka okha, m'Chinyanja: "Si wailesi, ndi mudzi wathu. Ukhala pamiyendo panga."

Mayi wina wa pazenera anaseka mpaka kugwira pachifuwa. "Musiyeni mwana! Munaonapo mudzi ukulipira basi?" Anandisendera, n'kundiuza kuti kwawo ndi ku Chadiza, akupita ku Nkwazi kukaona mdzukulu wobadwa kumene.

Tinanyamuka eyiti itangokwana. Pamlatho wa Kafue madzi anali ofiirira, ndipo malole onyamula mkuwa ankatigwedeza akamatidutsa. Kenako inayamba mitengo ya paini ndi bulugama, yoima m'mizere ngati ife pa asembule. Atate anaijambulapo kawiri, koma sanandiuze kuti imanunkhira ngati mankhwala a chimfine.

Pamphambano ya ku Luanshya amayi aja anagula zitumbuwa ziwiri pazenera n'kundipatsa chimodzi. Mafuta ake anali waliwali. Ndinathokoza, koma manja sindinatambasule. Anamvetsa, n'kuyamba kundinyemera m'kamwa ngati khanda. Atapempha kuona, ndinavundukula ngodya imodzi. Bambo wa kumbuyo anatambasula chala kuti aloze phiri.

"Pepani atate, ndi maso okha," ndinatero. Anabweza dzanja msangamsanga ngati wagwira mbaula.

Ku Ndola tinafika hafu naini. Ndinakwera minibasi ina ya ku Twapia, teni kwacha, ndipo itangodutsa teni koloko ndinapeza azakhali pakhomo pawo akuthira makala m'timapepala togulitsa.

"Mwana wa Yohane! Wabwera wekha? Iwe amene umabisala kuseri kwa chitseko?"

Ndinagwada, ndinawapatsa moni, kenako ndinaimika chithunzi pampando n'kuchotsa chitenje. Anachiyang'anitsitsa. "Chulu ichi chikadalipo?" anafunsa motsitsa mawu. Ine ndinawerama kutulutsa kabuku ndi pensulo m'chikwama. Poweramuka ndinaona chala chawo chachikulu chili pakati penipeni pa malo oyera aja.

"Apa. Khomo linali apa, loyang'ana kumtengo, kuti amayi azitiona tikamatola maula."

Atachotsa chala, panatsala chidindo chakuda bii cha makala. Azakhali ataona nkhope yanga anati, "Mayo ine, ndaononga! Dikira nditenge kansalu konyowa."

"Ayi azakhali, musapukute." Ndinalankhula mokweza mpaka ine ndemwe ndinadabwa. Ndinadziwa kuti madzi afalitsa makalawo, komanso kuti m'kabuku sindikanalemba molondola kuposa pamenepo. Tinadya mbatata ndi tiyi, iwo akundiuza za denga la udzu ndi nkhokwe ya kuseri, ine ndikulemba zonse.

Pobwerera palibe amene anandivuta. Ndinafika ku Buchi cha m'ma faifi, ndipo sindinazungulire. "Atate, achigwira. Ndinawaletsa kupukuta ndine."

Anavala magalasi n'kuwerama.

"Chala cha Esitere ichi?"

"Inde."

Anatenga burashi yaing'ono kwambiri. Anajambula khoma kumanzere kwa chidindocho, lina kumanja, kenako udzu pamwamba. Chakuda chija sanachikhudze. Chinakhala khomo lotseguka, loyang'ana kumtengo.

M'kabuku kanga ndalemba kuti tsiku lonse ndinkathamangitsa manja a anthu, osadziwa kuti chithunzicho chimadikira dzanja limodzi. Atate akuti pachionetsero pakufunika munthu woima pambali pake n'kumafotokozera alendo za khomolo. Sanandisankhe. Ndadzipereka ndekha.